Mamendulo, mabaji ndi yunifolomu za asilikali a Keyala: kuzindikira zenizeni ndi zofananizira

Pali vuto limene limabwerezabwereza pakati pa anthu osonkhanitsa katundu wakale wa asilikali a King's African Rifles, omwe makolo athu ankawatchula kuti a Keyala. Wogula amalipira ndalama zambiri pa mendulo yonyezimira imene inapangidwa posachedwapa, pamene banja la msilikali limagulitsa motchipa, kapena kutaya kumene, baji yeniyeni chifukwa choti ndi yokhakhala ndipo sikuoneka ngati ya boma. Zolakwika ziwirizi zimachokera pa kuweruza chinthu poyang'ana chizindikiro chimodzi chokha. Malamulo ambiri amene osonkhanitsa amatsatira anakhazikika poyang'ana katundu wa asilikali a ku Britain, wopangidwa m'mafakitale a ku Birmingham ndi London, ndipo munthu akawagwiritsa ntchito mwachimbulimbuli pa katundu wa asilikali a ku Nyasaland amasochera. Chimene chimatsimikiza chinthu ndi kugwirizana kwa nthawi imene akuti chinapangidwa, zipangizo zake, ndi mbiri ya gulu kapena ya munthu amene anachivala.

Pa chifukwa chimenechi, zaka zingapo ziyenera kukhala m'mutu musanagwire chilichonse. Gulu la Keyala linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za dziko lino. Bataliyoni yachiwiri inathetsedwa mu 1911 n'kudzakhazikitsidwanso mu 1916, nkhondo yoyamba yapadziko lonse, yotchedwa ya Chiwaya, ili mkati, ndipo pofika 1918 gulu lonse linali ndi mabataliyoni 22. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse asilikaliwa anamenya ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma kuyambira 1944, kenako m'zaka za m'ma 1950 anatumizidwa ku Malaya. Mu 1964 bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles.

Zida zofunika si zambiri: galasi lokulitsa zinthu kakhumi, chida choyezera cha vernier, sikelo yaing'ono, tochi wamba, tochi ya kuwala kwa UV, komanso chinthu chimodzi chotsimikizika choti muzifananitsa nacho. Chomalizachi n'chofunika kuposa zina zonsezo.

Mendulo ilibe dzina

Zifukwa zake, kuyambira chofala kwambiri, ndi izi:

1. Ndi mendulo ya nkhondo yachiwiri. Nyenyezi za 1939–45 Star, Africa Star ndi Burma Star, pamodzi ndi Defence Medal ndi War Medal 1939–45, zinkaperekedwa kwa asilikali a Britain ndi a Keyala zopanda mayina. Mayiko a Australia, South Africa ndi India ndiwo ankadinda mayina pa zawo. Choncho kusowa kwa dzina pa mamendulo amenewa si vuto, koma kumatanthauza kuti simungatsimikize mwini wake popanda kabuku kotulukira usilikali kapena pepala lina la boma.
2. Ndi yofananizira yopangidwa kuti izivalidwa. Asilikali ambiri akale anataya mamendulo awo kumoto, kwa akuba kapena posamuka, ndipo ena anapatsidwa kapena kugulilidwa ofananizira oti azivala pa mwambo wokumbukira asilikali wa mu November. Yang'anani mawu ang'onoang'ono akuti COPY kumbuyo kwa nyenyezi kapena m'mphepete mwa mendulo yozungulira. Mukaona malo opalika pamene mawuwo akanakhala, dziwani kuti wina anawafufuta dala.
3. Dzina linafufutidwa. British War Medal, Victory Medal, 1914–15 Star, Africa General Service Medal ndi General Service Medal zinkaperekedwa zili ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali. Imodzi mwa izi ikakhala yopanda kanthu, yezani kukula kwake m'malo angapo. Mamendulo ozungulirawa ndi a mamilimita 36, ndipo yopalidwa ndi tupa imachepa mbali imodzi. Nyenyezi yofufutidwa imalowa mkati pang'ono kumbuyo kwake, zomwe zimaoneka mukaunikira tochi cham'mbali.

Chochita n'chakuti muisunge monga ilili, n'kulemba papepala zimene mwapeza. Musapite nayo kwa wozokota kuti alembepo dzina la agogo, ngakhale mutatsimikiza kuti inali yawo, chifukwa dzina lolembedwa lero limachititsa aliyense wodziwa kukayikira mendulo imene inali yabwinobwino.

Dzina lilipo, koma zilembo zake zikukayikitsa

1. Chifukwa chofala ndi kalembedwe ka akalaliki. Mayina a asilikali a kuno ankalembedwa monga mzungu anawamvera, kawirikawiri dzina limodzi lokha, pena ndi l pena ndi r, ndipo msilikali mmodzi angakhale ndi kalembedwe kosiyana pa mamendulo ake awiri. Anthu enanso ankalembetsa usilikali ndi dzina lina osati lakumudzi. Kusiyana kotere sikutsimikiza chinyengo. Tsatirani nambala ya usilikali ndi bataliyoni, pakuti n'zimene sizisinthasintha ngati dzina.
2. Chachiwiri ndi kuperepeseka. Asilikali ankapukuta mamendulo awo mwamphamvu kwa zaka zambiri, kotero kuti tsitsi ndi ndevu za mfumu zinasalala ndipo zilembo zinazilala. Kutha kotere kumayenera kukhala paliponse pokwera. Ngati nkhope ya mfumu yatha koma zilembo za m'mphepete n'zakuthwa ngati zadzulo, dzinalo ndi la pambuyo.
3. Nthawi zina boma lenilenilo linkakonza cholakwika, monga nambala imodzi kapena zilembo ziwiri, n'kudindanso pamalo omwewo. Zilembo zokonzedwazo zimafanana ndi zinzake m'maonekedwe, ndipo malo opalidwa amakhala ochepa.
4. Chosowa koma choopsa ndi mendulo yosinthidwa dzina, pamene wina wafufuta dzina la msilikali wamba wa ku Britain n'kulembapo la wa Keyala pofuna kukweza mtengo. Mayina a pa mamendulo a nkhondo yoyamba ankadindidwa ndi makina m'zilembo zazikulu zakuya mofanana. Zilembo zozokota pamanja zimaonda kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo pansi pa galasi mungaone mithunzi ya zilembo zakale pakati pa zatsopano. Lamuloli musaligwiritse ntchito pa mamendulo a nkhondo isanafike 1914, monga Central Africa Medal, chifukwa kalembedwe ka mayina pa amenewo kanali kosiyanasiyana.

Njira yothetsera kukayika ndi kufufuza m'kaundula. Ku The National Archives ya ku Kew, mu London, makadi a mamendulo a nkhondo yoyamba ali m'gulu la WO 372, mindandanda yake ili mu WO 329, ndipo ya nkhondo zina monga ya Africa General Service Medal ili mu WO 100. Amene anafera kunkhondo mungawafufuze pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, komanso ku National Archives ya ku Zomba kuli mapepala a nthawi ya atsamunda. Komabe zolembedwa za asilikali achikuda sizinasungidwe mokwanira ngati za azungu, choncho kupezeka kwa dzina kumatsimikiza zambiri, pamene kusapezeka kwake sikutsutsa kanthu pakokha.

Mutu wa mfumu, kachitsulo kopingasa ndi bataliyoni sizikugwirizana

Apa ndi pamene achinyengo ambiri amagwidwira, chifukwa kupanga chitsulo n'kosavuta poyerekeza ndi kudziwa mbiri. Africa General Service Medal inkaperekedwa nthawi zonse ili ndi kachitsulo kopingasa kotchula nkhondo imene msilikali anamenya, ndipo mtengo wa mendulo umadalira kwambiri kachitsuloko. Kolembedwa Nyasaland 1915, koperekedwa kwa amene anatumidwa kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe, kamayendera mutu wa George V. Kolembedwa Somaliland 1902–04 kamayendera mutu wa Edward VII, ndipo kolembedwa Kenya kamayendera wa Elizabeth II. Kachitsulo ka Jidballi, nkhondo ina ya ku Somaliland komweko, sikankaperekedwa kokha popanda ka Somaliland 1902–04.

Zinthu zikasemphana, ganizirani izi motsatana:

1. Banja kapena wogulitsa anasakaniza mamendulo a anthu awiri m'bokosi limodzi. Werengani m'mphepete mwa mendulo iliyonse payokha, ndipo manambala akasiyana musawatenge ngati a munthu mmodzi.
2. Riboni ndi yolakwika chabe. Riboni zimatha ndipo anthu ankasoka iliyonse imene apeza. Vuto limeneli ndi laling'ono, ndipo limakonzeka poika yoyenera, yakaleyo n'kuisunga mu envelopu.
3. Msilikali anamenya nkhondo ziwiri. Amene analandira mendulo ya Edward VII ku Somaliland n'kudzatumikiranso mu 1915 ankangowonjezeredwa kachitsulo pa mendulo yake yakale. Motero mutu wa Edward VII wokhala ndi tizitsulo tonse tiwiri n'zotheka, koma mutu wa Edward VII wokhala ndi Nyasaland 1915 yokha ndi wokayikitsa.
4. Kachitsulo kanawonjezedwa ndi wogulitsa. Yang'anani timisomali tolumikiza m'mbali. Ta boma timakhala taudongo ndi tofanana mbali zonse ziwiri, pamene waya wopindika, mtovu wowotcherera kapena zipsera za pulayasi zimasonyeza kuti wina anagwirapo.

Mbiri ya mabataliyoni imathandizanso. Popeza bataliyoni yachiwiri kunalibe pakati pa 1911 ndi 1916, 1914–15 Star kapena kachitsulo ka Nyasaland 1915 pa mendulo yotchula bataliyoni imeneyi ziyenera kufufuzidwa m'kaundula musanalipire, pamene yotchula bataliyoni yoyamba, imene inamenya nkhondo ya ku Karonga mu September 1914, ikugwirizana ndi mbiri. Dziwaninso kuti 1914–15 Star sinkaperekedwa yokha, koma pamodzi ndi British War Medal ndi Victory Medal, ndiye nyenyeziyo ikapezeka yokha ndiye kuti zinzake zinasokera kwina. Pa nkhondo yachiwiri, kutumikira ku Abyssinia kunkapatsa munthu Africa Star, koma kutumikira ku Madagascar ayi, ndipo munthu mmodzi sankalandira Burma Star ndi Pacific Star zonse ziwiri. Mzere wa mamendulo wokhala ndi nyenyezi ziwirizi pamodzi unasanjidwa ndi munthu wina, osati ndi boma.

Baji ndi yokhakhala kumbuyo ndipo zojambula zake sizakuthwa

Mabaji a m'mafakitale a ku Britain ankadindidwa ndi makina pa chitsulo chopyapyala cha mkuwa, kotero kuti kumbuyo kwake kumaonetsa chithunzi chomwecho cha kumaso, cholowa mkati. Baji yothiridwa m'chikombole imakhala yolemererapo, kumbuyo kwake ndi kosalala kapena kwa timaenje, ndipo mizere yake ndi yofowoka. Osonkhanitsa ambiri amaphunzitsana kuti baji yothira ndi yabodza. Pa magulu a ku Britain zimenezi ndi zoona kawirikawiri, koma pa Keyala si choncho, chifukwa m'nthawi za nkhondo gulu linkakula mofulumira, katundu wochokera ku Ulaya ankachedwa, ndipo mabaji ena ankathiridwa ndi amisiri a kum'mawa kwa Africa, ku Egypt ndi ku India.

Kumene bajiyo yachokera kumasintha ndondomeko ya zifukwa. Pa baji yogulidwa pa intaneti zifukwa zimatsatana motere, koma pa yotuluka m'sutikesi ya kumudzi pamodzi ndi mapepala a msilikali, chachiwiri ndicho chimatsogola:

1. Ndi yofananizira yamakono, yothiridwa m'chikombole chotengedwa pa baji yeniyeni. Imachepa pang'ono poyerekeza ndi yeniyeni chifukwa chitsulo chimakhwinyata chikamazizira, ndipo zipsera za baji yoyambayo zimabwerezedwa pa iliyonse. Mukaona mabaji awiri okhala ndi chipsera chofanana pamalo amodzi, onsewo ndi ana a chikombole chimodzi. Chitsulo chotuwa, chofewa, chopindika ndi zala ndi chizindikiro china choipa.
2. Ndi yothiridwa pa nthawi ya nkhondo. Imakhala ya mkuwa wolimba, m'mphepete mwake muli zizindikiro za tupa, malo okwera anasalala ndi kupukuta, ndipo m'makwinya mumatsala ufa wouma wotuwa wa polishi. Timphete tomangira ta kumbuyo timakhala tokulitsidwa ndi kapini kamene kankadutsamo.
3. Ndi yodindidwa pambuyo pogwiritsa ntchito zidindo zakale. Kuyambira zaka za m'ma 1970 mabaji ambiri a magulu a Britain ndi a maiko ake anadindidwanso kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa. Amenewa ndi ovuta chifukwa amaoneka bwino kuposa enieni othira. Dzina la kampani kumbuyo, monga J.R. Gaunt kapena Firmin, silitsimikiza zaka, pakuti mayinawa akupezeka pa mabaji a nthawi zosiyanasiyana ndipo ena amawakopera.
4. Ndi ya ofesala. Maofesala ankadzigulira okha mabaji, ena a siliva, ndipo kumbuyo kwake kungakhale kosalala. Siliva wa ku Britain amakhala ndi tizidindo, monga nangula wa Birmingham kapena mutu wa kambuku wa London, pamodzi ndi chilembo chosonyeza chaka, zimene mungawerenge pa ndandanda yake.

Timphete towotchereredwanso ndi mtovu sitichotsa baji pa gulu la zenizeni, chifukwa kukonza baji yothyoka kunali kwachizolowezi. Timangotsitsa mtengo, ndipo wogulitsa woona mtima amatchula.

Chisoti chachifumu kapena chitsulo sichikugwirizana ndi zaka

Pamwamba pa lipenga lojambulidwa pa baji ya Keyala, ndi pa mabatani ambiri, pali chisoti chachifumu. Chozungulira bwino pamwamba, chotchedwa cha Tudor, ndi cha kuyambira 1902 mpaka 1953. Cholowa pakati ndi mapewa okwera, cha St Edward, ndi cha nthawi ya Elizabeth II. Dzina la gulu silinasinthe mfumukazi italowa ufumu, ndiye zilembo za KAR pansi pa chisoti cha mfumukazi n'zolondola pa zaka za ku Malaya mpaka ufulu.

Kawirikawiri kusemphana kumachokera kwa wogulitsa amene akutcha baji ya m'ma 1950 kuti ndi ya ku Burma. Chachiwiri ndi chakuti mabaji akale ankapitirira kuperekedwa mpaka atatha m'sitolo, motero chisoti cha Tudor pa yunifolomu ya 1955 n'chotheka, pamene cha St Edward pa ya 1944 n'chosatheka. Mabaji ndi mabatani a aluminiyamu wonyezimira, opepuka kwambiri ndi osafuna polishi, anayamba m'zaka za m'ma 1950.

Malaya kapena jekete ya khaki imene akuti ndi ya Keyala

Nsalu ndi imene imanyenga anthu kwambiri kuno, pakuti khaki ankavala ambiri. Kumbukiraninso kuti msilikali wobwerera kumudzi ankavala zovala zakezo kumunda ndi kumsika mpaka kutha, kotero kuti yunifolomu yathunthu ya nkhondo yoyamba, yosang'ambika paliponse, ndi chinthu chosowa zedi ndipo chimafuna umboni wamphamvu.

1. Chofala kwambiri ndi chovala cha pa kaunjika, chotsala kwa asilikali a ku Ulaya a zaka zaposachedwa. Kansalu kolembedwa malangizo a kachapidwe, nambala yaitali ya NATO, saizi ya masentimita, zomatira za Velcro kapena zipi ya YKK zonse ndi za pambuyo pa nkhondo yachiwiri.
2. Chingakhale cha nthambi ina ya boma. Apolisi, amesenjala a kwa DC ndi asilikali a ndende ankavala khaki, ndipo pambuyo pa ufulu panabwera yunifolomu za Malawi Young Pioneers. Werengani mabatani onse, kumaso ndi kumbuyo.
3. Chingakhale cha gule. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa m'chigawo chapakati ndi beni wa kwa Ayao anatengera perete wa asilikali, ndipo ovina ankasoketsa kwa telala zovala za maudindo, mizere ya pamkono ndi mamendulo omwe. Zovala zoterezi zili ndi mbiri yakeyake yoyenera kusungidwa, ndipo nthawi zina pamapezeka baji yeniyeni ya msilikali wakale itasokedwa pa malaya a telala wa pamsika.
4. Chingakhale cha nthawi yoyenera koma cha gulu lina, chimene wina wachisokerera zizindikiro za Keyala.

Chovala cha boma chinkakhala ndi chidindo cha inki kapena kansalu kosonyeza saizi, wopanga ndi chaka, pamodzi ndi muvi wa mizere itatu umene unali chizindikiro cha katundu wa boma la Britain. Muvi uli mkati mwa chilembo U ndi wa South Africa, uli mkati mwa C ndi wa Canada, ndipo woyendera chilembo I ndi wa India. Katundu wa ku South Africa ndi ku India asakudabwitseni pa msilikali wa Keyala, chifukwa ambiri ankavalitsidwa kuchokera kumeneko. Malamba ndi zikwama za mtundu wa 1937 zimakhalanso ndi chaka ndi zilembo za wopanga, monga M.E.Co.

Pa perete asilikali ankavala khaki ndi chipewa chachitali cha fez. M'mabataliyoni ambiri chinali chofiira, koma a ku Nyasaland ankavala chakuda, choncho fez yofiira imene akuti ndi ya ku Zomba iyenera kufunsidwa bwino. Nkhondo yoyamba isanayambe, kuthengo ankavala juzi yabuluu ndi kabudula wa khaki, pa nkhondo yachiwiri chipewa chakhonde chinafala, ndipo ku Burma ankavala zobiriwira. Kansalu ka pamkono kojambulidwa chipembere ndi ka 11th East African Division. Tinsalu totere tina tinali topeta ndipo tina tosindikiza ndi inki, ndiye kusindikiza pakokha si chinyengo.

Nsalu kapena ulusi ukuwala pa tochi ya UV

Mankhwala oyeretsa amene amawala mwabuluu pa tochiyi anafala mu nsalu, ulusi ndi mapepala kuyambira zaka za m'ma 1950. Kuwala kungachokere ku zinthu zitatu. Chofala ndi sopo wa ufa, pakuti chovala chakale chochapidwa ndi sopo wamakono chimawala mwamawangamawanga, makamaka m'misoko. Chachiwiri ndi chigamba kapena batani losokedwa pambuyo, ndipo apa pamawala pamalo amodzi okha. Chachitatu ndi chinthu chatsopano, chimene chimawala mofanana ponseponse, ngakhale mkati mwa mpendero mukautembenuza. Kusawala sikutsimikiza ukale, chifukwa opanga zofananizira amadziwa kusankha thonje lopanda mankhwala.

Ngati pali kaulusi kolendewera kale, mungakadule n'kukaotcha kutali ndi chovalacho. Thonje limasiya phulusa lofewa, ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa, pamene poliyesitala imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Poliyesitala inayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1950. Musasolole ulusi pa baji yansalu pofuna kuyesa, chifukwa mungawononge chinthu chenicheni pofuna kutsimikiza kuti n'chenicheni.

Chinthu chikuoneka chakale, koma kutha kwake n'kwachilendo

Kutha kwenikweni kumakhala ndi malo ake: m'khosi, m'zigongono, pakamwa pa matumba, m'mabowo a mabatani ndi m'khwapa. Chovala chothimbirira mofanana ponseponse kawirikawiri chinaviikidwa mu tiyi kapena khofi, ndipo chitsulo chakuda m'makwinya chimene chikudetsa kansalu koyera chinapakidwa polishi wa nsapato. Fungo la viniga kapena la mankhwala pa mkuwa wobiriwira ndi chenjezo lina.

Pa zizindikiro zosokedwa, kwezani m'mphepete pang'ono ndi kamtengo kosalala osadula ulusi. Nsalu ya pansi pa chizindikiro chimene chakhalapo zaka zambiri imakhala yakuda kuposa yozungulira, popeza dzuwa silinaifike. Ngati pansipo pazilala mofanana ndi pena paliponse, kapena mabowo a njenjete akupitirira pansi pa chizindikiro chosadyedwa, ndiye kuti chinaikidwa pambuyo. Mabowo a singano a mpangidwe wina amasonyeza kuti panali chizindikiro china chimene chinachotsedwa.

Nkhani ya wogulitsa, ngakhale ikome bwanji, iyesedwe ndi pepala. Chithunzi cha msilikali atavala chinthucho, kabuku kotulukira usilikali kapena kalata ya penshoni zimalemera kuposa satifiketi yosindikizidwa ndi wogulitsa yemweyo.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Zinthu zina ndi zoopsa ku moyo, ndipo pa izi musayese chilichonse:

- Zipolopolo, mabomba a m'manja ndi zipolopolo za mizinga zingaphulike ngakhale zitachita dzimbiri. Musazinyamule, musazigogode, chotsani ana pamalopo n'kudziwitsa apolisi.
- Zophimba kumaso zoteteza ku mpweya wa poizoni za nkhondo yachiwiri zili ndi asbestos m'zosefera zake. Musazivale kapena kuzitsegula.
- Makampasi ndi mawotchi a asilikali a nthawi imeneyo anapakidwa utoto wa radium, umene umakhalabe woopsa ngakhale utaleka kuwala. Galasi lake likasweka musakhudze fumbi la mkati.

Pa nkhani ya mtengo, funsani katswiri musanagule kapena kugulitsa mukakumana ndi izi:

- Mendulo ya kulimba mtima, monga Distinguished Conduct Medal yolembedwa King's African Rifles kumbuyo kwake, kapena Military Medal. Zimenezi ndi zosowa ndipo amazifananizira mwaluso.
- Central Africa Medal, Ashanti Medal ya 1900, British War Medal ya mkuwa, kapena mendulo iliyonse ya kachitsulo ka Nyasaland 1915.
- Mayeso anu akutsutsana, mwachitsanzo dzina likupezeka m'kaundula koma mendulo ndi yochepa m'mphepete.
- Wogulitsa akukana kutumiza zithunzi za kumbuyo ndi za m'mphepete, kapena akukana kubweza ndalama chinthu chikapezeka chabodza.

Makampani ogulitsa mamendulo pa okushoni ku London, monga Noonans ndi Spink, ali ndi akatswiri, ndipo zithunzi za zimene Noonans anagulitsa kale zili pa intaneti zoti mufananitse nazo. Mamembala a Orders and Medals Research Society ndi a King's African Rifles and East African Forces Association amadziwa zambiri za kalembedwe ka mayina ndi mabataliyoni. Potumiza zithunzi, jambulani kumaso, kumbuyo ndi m'mphepete monse, rula ili pambali, pa kuwala kwa dzuwa.

Podikira yankho, musapukute chitsulo ndi Brasso, sandipepala kapena phulusa, ndipo musachape nsalu, chifukwa zimene mungachotse ndi zomwe katswiri akufuna kuona. Nsalu yochita chuku kapena yodyedwa ndi njenjete iikeni payokha pamalo ouma, mufunse a nthambi ya boma ya Museums and Monuments za kasamalidwe kake. Nthambi yomweyi ndi yoyenera kuifunsa musanatumize chinthu chakale kunja kwa dziko, popeza lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu za mbiri ya Malawi, ndipo wogula wakunja sadzakuyankhirani mlandu katundu akagwidwa pachipata.